Chilimwe Chimene Anandilanda Mchere

Amuna anga anabwerako kundende chakumapeto kwa Seputembala, mitengo ya mango itangomanga timango tating'onoting'ono. Ndinali ndikupeta mphale pakhomo pamene ndinaona munthu akukwera kamtunda kochokera kudambo, akuyenda ngati wasenza thumba chonsecho manja ali lende. Ndinawazindikira chifukwa cha malaya, poti zigamba zake ndinasoka ndine. Nkhope yokha sindikanaidziwa.

Mlandu wawo unali wa pakamwa. Chaka cham'mbuyo mwake, pa msika wa fodya, anadandaula mokweza kuti fodya wathu wa chikopa wamuika m'gulu lotsika. Masiku amenewo mawu otere sankagona panjira. Sabata isanathe anyamata a chipani anafika pakhomo n'kuwatenga. Ndinatsala ndi mwana wamkazi kumsana, munda wonse, ndi apongozi anga, mayi awo a amuna anga, amene nyumba yawo inkayang'anana ndi yathu kutsidya kwa bwalo.

Ine kwathu ndi kumapiri a Ntchisi. Kuno kufupi ndi Madisi ndinabwera pachitengwa, ndipo mtengwa pamudzi amakhala ngati mbuzi yogula kumene, aliyense amafuna aone ngati ili ndi chilema. Chaka chonsecho ndinalima ndekha, ndinafolera chigafa ndekha, fodya ndinasoka ndekha. Sindikudzitama ayi, ndikungofuna mudziwe chifukwa chake zimene zinatsatira zinandipweteka chomwecho.

Tsiku lomwe anafikalo ndinawaphera nkhuku. Anatema mbamu imodzi, n'kususa, n'kuika m'kamwa, kenako maso awo anayamba kusakasaka kapu ya madzi. Anamwa madziwo mpaka kugwedeza kapu, n'kusamba m'manja. Ndinati mwina n'kutopa kwa ulendo. Koma mawa lake zinali zomwezo, mkuja zomwezo. Nkhwani wotendera, nyemba, usipa, mazira, chilichonse ankangochilawa n'kuthamangira madzi. Lamba anamuboola bowo lina ndi msomali. Miyendo inayamba kutupa, kachifuwa kouma kosatha. Ndipo sankayankhula. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, kapu ya madzi ili pambali, akuyang'ana nkhokwe.

Apongozi anga anali mayi wa tchalitchi, Misa osaphonya, korona osachoka m'khosi. Koma ataona miyendo yotupa ija ndi chifuwa chija, sanafunse wansembe. Anaona tsempho. Mwambo wake aliyense kwathu ankaudziwa: mkazi akagona ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa, amatsokomola, amawonda mpaka kufa. Tsono mwana wawo wachoka chaka chathunthu, wabwerako, wadya ndiwo zanga, watupa. Kwa iwo nkhani inali yatha kale.

Anafika m'mawa ndikukoleza moto. Analowa m'khitchini popanda odi, n'kutenga chitini cha mchere pa thandala.

"Mchere uwu ukakhale kwanga. Mukaphika muzindiitana, ndizidzathira ndine."

"Amayi, ndalakwa chiyani?"

"Ine sindinanene kuti mwalakwa. Ndati muzindiitana."

Potuluka anaona chidulo changa, madzi a phulusa la zitsononkho amene ndinasefa kuti ndifewetsere therere. Anachikhuthula pansi. "Ichinso ndi mchere wa makolo," anatero, n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likafika pamutu, apongozi anga ankadutsa pabwalo chibakera chili chofumbata mchere. Amayi osinja pamtondo ankaimika minsi n'kumawaperekeza ndi maso mpaka pakhomo la khitchini yanga. Palibe amene ananditchula dzina loipa, koma kuchitsime ndikafika nkhani inkaduka. Ndipo dzanja la apongozi linali lolemera. Ankathira mchere ngati akufesa mawere, ndiwo mpaka kuwawa.

Chimene chinkandidya mtima koposa chinali amuna anga. Tsiku lina ndinawafunsa pakhonde pomwepo kuti, "Abambo, zimene akundichita amayi anuzi mukuziona?" Anangoyang'ana zala zawo za kuphazi. Ndinakwiya kwambiri. Ndinamanga tizovala tanga mu chitenje kuti ndibwerere ku Ntchisi, amalume akanandilandira. Koma ndinamasulanso. Kuchoka kukanakhala kuvomera. Ndipo amuna anga akanamwalira, dzina lakuti ndinapha mwamuna ndi mchere likananditsata mpaka kumanda, n'kutsalira mwana wanga. Ndinkafuna achire, ndinkafunanso dzina langa. Ziwiri zimenezi sindinkadziwa kuti ndizigwira bwanji pamodzi.

Anandilanda mchere, koma mtondo sanandilande. Kuseri kwa khitchini kunali chitsamba cha tsabola wa kambuzi chimene ndinabwera nacho kuchokera kwa amayi anga, chokula ndi madzi otsukira mbale. Kambuzi si tsabola wongowawa. Ali ndi fungo lake, loti ukamuswa m'nyumba woyenda panjira amameza malovu. Kumunda kunali mtengo wa mandimu, ndipo mango anali atakula kufika pa dzira la nkhuku, aawisi, owawasa mpaka kutsinzinitsa.

Amayi anga ankapanga tsabola wa m'botolo motere: kambuzi kumuyanika pa lichero afote pang'ono, kumusinja ndi anyezi, kusenda mango aawisi n'kuwadula tizidutswa ngati nyemba, kufinyira mandimu, mchere wambiri, timafuta pamwamba, botolo padzuwa. Mcherewo ndi umene umasunga zonse. Ine ndinalibe. Botolo loyamba linachita thovu tsiku lachitatu, chitsononkho chimene ndinatsekera chinaphulika n'kukagwera nkhuku, zotsala zinamera chuku. Lachiwiri ndinawonjezera mandimu mpaka kumiza zonse, mango ndinayamba ndawayanika tsiku lathunthu, mafuta ndinawawiritsa kaye, botolo n'kumaliika padenga la nkhokwe pamene dzuwa la Okutobala limaswa mtengo. Limenelo linagwira. Ndinakazinganso mtedza n'kuusinja ndi kambuzi wouma, kukhala nsinjiro zowawa zowaza pa mbatata.

Kunena zoona, poyamba sindinkapangira munthu. Ndinkapanga ndi mkwiyo, kuti m'nyumba imeneyo mukhale kanthu kamodzi kodyedwa kamene dzanja la munthu wina silinakakhudze. Apongozi analipeza botololo, n'kulinunkhiza.

"Muli mchere umu?"

"Lawani, amayi."

Anatapa ndi chala n'kunyambita. Anatsokomola, misozi mbwee, n'kutuluka akupepesera lilime ndi dzanja. Mulungu andikhululukire, tsiku limenelo ndinaseka koyamba chibwerere amuna anga.

Miyendo itafika poti nsapato osalowa, ndinati basi, tipite kuchipatala cha mishoni ku Madisi. Njinga inalipo koma mphamvu zopalasa iwo analibe. Ndinakwinya chitenje, n'kuwakweza pa kaliyala, n'kupalasa ndine. Pokwera mtunda ndinkatsika n'kumakankha iwo ali pomwepo. Amuna ena amene ankaumba njerwa m'mbali mwa msewu anakuwa kuti, "Dziko latha! Mkazi wakweza mwamuna!" Ndinawayankha kuti, "Mukadwala mudzanditume, ndidzakukwezani nanunso." Ndinamva msana wanga ukugwedezeka pang'ono. Anali amuna anga, akuseka chamumtima.

Asisitere a kuchipatala anadina mwendo ndi chala, anamvetsera chifuwa, n'kunena kuti matenda aakulu sakuwaona, thupi langosowa chakudya. Anatipatsa timapilisi n'kutiuza kuti tizibwera sabata iliyonse. "Koma mankhwala enieni ali m'mbale, mayi," anatero. Ndinangoti zikomo. Ndikanawafotokozera bwanji kuti mbaleyo siili m'manja mwanga?

Tsiku la chipatala linkagwa pa tsiku la msika. Pakhomo la msika pankakhala anyamata ndi chingwe, ofunsa makadi a chipani. Amuna anga atawaona anaima chilili. Ndinamasula mfundo ya chitenje, n'kuonetsa makadi onse awiri, n'kuwakoka pamkono. Tinalowa.

Kunkatentha moti mchenga unkawotcha mapazi kudutsa patapata. Pansi pa mtengo wa mango, chakumapeto kwa msika, panali mayi wina wogulitsa thobwa. Mtsuko wake ankaukwirira mumchenga wonyowa mpaka m'khosi, n'kuphimba ndi chiguduli chonyowa, kotero thobwa lake linkazizira mpaka m'mano. Ndinagula chikho chimodzi kuti tigawane. Amuna anga anamwa chonse osapumira, n'kupereka chikhocho kuti awonjezere. Pambali pake mayi wina ankawotcha mondokwa wa kudimba. Amuna anga anadya chimanga chathunthu, n'kumakukuta ndi chitsononkho chomwe.

Sabata yotsatira tinapeza masuku atayamba, ochokera kumapiri akwathu, ataunjikidwa pa masaka m'mbali mwa msewu. Tinakhala pamthunzi wa sitolo ina n'kumafinya m'kamwa, nthangala n'kumalavula. Anadya mpaka ndevu kuchita nomi. Pobwerera tinaima pa dimba la nzimbe pafupi ndi mlatho, mwini wake anatidulira ziwiri. Ndinayamba kuukonda ulendo umenewu. Ndinkaloweza malo onse: thobwa lili apa, zitumbuwa zotentha zili kuseri kwa chigayo, nthochi zakupsa bwino zili kwa agogo ena pamphambano. Tili pachibwenzi sitinayendepo chotere, poti anatitomera ndi akuluakulu.

Koma tikafika kunyumba, mbamu imodzi, kapu ya madzi, kusamba m'manja. Mtima wanga unayamba kuwawa mwa mtundu wina. Ndinati kodi nawonso akukhulupirira? Za anthu a pamsika akudya, zanga akuopa?

Ulendo wina ndinawatengera kwa bambo wootcha kanyenya kumbuyo kwa mabutchala. Anali ndi theka la mgolo lodzaza makala, mawaya pamwamba, mbuzi ya tsiku lomwelo itapachikidwa pa mtengo. Nyama ankaidula pa thabwa, n'kuika pambali kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola kuti wodya azisusa yekha. Amuna anga anayang'ana kamulu kaja. Kenako, ndi m'mphepete mwa dzanja, anakakankhira kutali mpaka kugwera pansi, ngati munthu akuchotsa chinkhanira pamphasa.

Ndinali ndi botolo langa mu basiketi, poti ndinkadyera mbatata panjira. Ndinalitsekula n'kudonthezera pa thabwa. Amuna anga anakweza mutu.

"Kambuzi wa kuseri kwa khitchini uja?"

"Yemweyo."

Anasusa nthuli imodzi. Anatafuna nthawi yaitali. Anatenga ina. Thukuta linayamba kutsika m'masaya, mphuno ikuchucha, koma dzanja osaima. Madzi sanawafune. Nyama itatha anauza bambo uja, ndi mawu amene ndinali ndisanawamve chaka chonse, kuti, "Achimwene, ikaniponi chiwindi ndi nthumbwana."

Wootcha nyama uja anapempha kulawa nawo. Anagwedeza mutu. "Mayi, tsabola uyu ndi mfumu. Koma mwaiwala mchere."

"Sindinaiwale," ndinatero. "Anandilanda."

Bamboyo anaseka poyesa nthabwala. Amuna anga sanaseke.

Pobwerera, titafika pa mlatho uja, anandiuza kuti ndiime. Tinatsikira pansi pa mkuyu, pamene panalibe munthu. Anayang'ana uku ndi uku kaye.

"Amake mwana, kundende kuja nyemba ankatithirira mchere mpaka kuyera pamwamba. Ukakana kudya, chikwapu. Ukadya, madzi mpaka mawa. Tsono mchere ukangondikhudza lilime, kukhosi kumatseka. Ndimaona ngati ndabwerera."

Ndinakhala pansi pa muzu. Masabata onsewa chimene chinkawatseka kukhosi chinali chibakera cha mayi awo chija, chimene ankati chikuwapulumutsa kwa ine.

"Nanga osanena bwanji?"

"Potitulutsa anatiuza kuti za kumeneko zikangotuluka pakamwa, tidzabwererako. Amayi ndiwauze m'mawa, pofika masana chitsime chonse chadziwa."

"Ndiye munaona kuti bola ndidyedwe ndine? Chaka chonse ndakusungirani nyumba, inu n'kundisiya anthu azindiloza ndi milomo!"

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa chisoni chokha. Iwo sanadziteteze. Anangoti, "Ndikudziwa kuti ndinu woyera. Mawu anandithera kuja. Ndipirireni pang'ono."

Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Kuyambira mawa lake, ndiwo zikapsa ndinkayamba ndapatulako m'kambale n'kuvundikira ndi lichero, kenako n'kuitana apongozi kuti adzathire mchere wawo mumphika. Za mumphika tinkadya ine ndi mwana. Za m'kambale zinkapita kwa abambo, ndi supuni ya tsabola wanga pambali. Ndinaphunzira kukometsa ndiwo popanda mchere: tomato wambiri wopsereza pang'ono, chidede chowawasa mu nkhwani, nsinjiro zokazinga m'malo mwa zaziwisi, ndimu pa usipa. Mbale inayamba kubwerera yoyera. Miyendo inaphwa. Pofika pakati pa Novembala ankapalasa njinga okha, ine ndili pa kaliyala ngati mkazi wa munthu.

Ndiye mverani zimene zinachitika. Apongozi anga, ataona mwana wawo akunenepa, anaima pamtondo pakati pa amayi aja n'kunena mokweza kuti, "Mwaona? Chichokereni mchere m'manja muja, mwana wanga wadzuka."

Ndinamva ndili m'khitchini. Ndiye kuti kuchira kwawo, kumene ndinakuvutikira ndi manja angawa, kwasanduka umboni wonditsutsa! Akanafa, wolakwa ndine. Achira, wolakwa ndine ndemwe. Tsiku limenelo sindinadye. Amuna anga anali pakhonde akusema mpini wa khasu, ndipo nawonso anamva. Anangopitiriza kusema, ine sindinawafunsenso.

Mawa lake kunachita mitambo yakuda cha ku Ntchisi, mphepo ikununkhira mvula. Ndinaphika nkhwani wotendera. Ndisanapatule za m'kambale, amuna anga anasuzumira m'khitchini n'kunena kuti, "Lero musapatule." Ndinaitana apongozi monga mwa masiku onse. Anatuluka, chibakera chofumbata, minsi pamtondo n'kuima.

Amuna anga anakakumana nawo pakhomo la khitchini. Anagwada pang'ono mwaulemu n'kutambasula chikhatho.

"Amayi, ndipatseni."

Apongozi anadabwa, koma anakhuthulira mcherewo m'dzanja la mwana wawo. Amuna anga anatembenuka n'kundiitana. Anagwira dzanja langa, n'kulitambasula, n'kuthiramo mchere wonse. Mawu awo anatuluka omveka mpaka pamtondo.

"Kuyambira lero m'nyumba muno athire mchere ndi mkazi wanga. Ngati uli wondipha, undiphe anthu akuona."

"Mwana wanga, ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa, amayi. Mwandisamala, zikomo. Koma mkazi uyu sanandilakwire."

Kenako anandinong'oneza, ine ndekha: "Pang'ono."

Ndinatapa ndi zala zitatu n'kuwaza mumphika. Wotsalawo ndinausunga m'kambale kopanda kanthu. Ndinapakula, n'kukaika chakudya pakhonde, poyera, pamene aliyense ankaona. Ndinaika botolo la kambuzi kumanja kwawo, kapu ya madzi kumanzere. Palibe pabwalo ponse amene ankadziwa chimene bambo amenewa ankalimbana nacho, kupatula ine. Anthu ankadikira kuti aone ngati atupe. Ine ndinkayang'ana pakhosi pawo.

Anatema mbamu, n'kususa. Inakhala m'kamwa nthawi yaitali. Maso awo anapita pa kapu ija, ndipo dzanja linayamba kuitsata. Linaima panjira. Ndinaona pakhosi pakukwera n'kutsika. Anameza. Anatapa tsabola pang'ono n'kutema mbamu yachiwiri. Anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala, madontho oyamba a mvula akugwa pa fumbi la pabwalo, amayi a pamtondo akuthamangitsa ufa wawo m'nyumba.

Sanatupe. Sabata imeneyo tinadzala chimanga limodzi, iwo kutsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi mbewu.

Apongozi anga sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Anadikira masiku angapo, akuyang'ana miyendo ya mwana wawo m'mawa uliwonse. Kenako tsiku lina ndikukoleza moto ndinamva "Odi" pakhomo la khitchini. Analowa n'kuika chitini chija pa thandala, pamalo pake penipeni. Anaimaima, akukonza korona wawo m'khosi.

"Katsabola kanu kaja katsalako? Nyemba zanga sizikukoma."

Ndinawapatsa botolo lonse. Chifukwa chenicheni chimene mwana wawo sankadyera anamwalira osachidziwa, ndipo mpaka kumapeto ankati anamuchiritsa ndi iwo. Ndinawasiya azitero. Tinakhala bwino zaka zambiri, ndipo atadwala ndinawakweza pa njinga yomwe ija.

Chitsamba cha kambuzi chidakalipo kuseri kwa khitchini, mdzukulu wake wa chija. Chilimwe chilichonse mango akafika pa dzira la nkhuku ndimaika mabotolo padenga la nkhokwe. Adzukulu anga akabwera kuchokera kutauni amadandaula kuti ndiwo za agogo sizimveka mchere. Ndimawapatsa chitini kuti athire okha m'mbale zawo. Mumphika ndimathira wa zala zitatu basi, umene agogo awo aamuna anameza tsiku lija chifukwa cha ine.